Za Malimidwe: Lamulo la Mizere ndi la Mitengo Yodwala



M'nyengo ya chisanu yapitayi, pobwera ku mapemphero tsiku la Sabata, tinapeza anthu alikudula mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mseu, ija imene inabzalidwa kale kuti ipatse mthunzi. Nthambi zache zinali zouma, ndipo pa khungwa panali timabowo tambirimbiri ngati tobooledwa ndi singano. Mnzathu wina anapempha chipika chimodzi kuti akaothere moto, koma kapitao wa odulawo anakana, nati mtengo wotere sunyamulidwa kupita kwina, uyenera kuperedwa ndi makina kapena kutenthedwa pa malo ache. Chifukwa chache ndi kachirombo kochokera ku Asia, kochepa ngati njere ya chitowe, kamene kanaoneka koyamba muno mu South Africa m'chaka cha 2017 ku Pietermaritzburg, ndipo pambuyo pache kanapezekanso mu Johannesburg. Kachiromboka kamaboola mtengo ndi kulowetsamo chuku chimene chimatseka njira za madzi, mtengo nkuuma uli chiriri. Munthu wonyamula nkhuni zache wanyamulanso nthendayo kukaipatsa mitengo ya kumene akupita.

Tsono mkulu wina wa kwa Gomani, amene wakhala kuno zaka zambiri, anaseka nati, "Ana inu, malimidwe atitsatira mpaka ku Joni." Anyamata sanamve chimene bamboyo anali kunena, pakuti kwa iwo malimidwe ndi mau wamba onena za kulima. Koma panali nthawi imene mau amenewa anali kuthawitsa anthu m'midzi, anachotsetsa mfumu yaikulu pa mpando, ndipo anthu anafa nao. Ife a mu ofesi ya pa mgodi taganiza kuti tilembe mbiri yache monga tinaimva kwa agogo athu ndi monga inalembedwa, pakuti ikutikhudza ife a paulendo koposa m'mene tiganizira.

Makolo athu ambiri sanali kulima mizere. Anali kuunjika matuto, kukwirira udzu ndi zinyalala m'kati mwache, nabzalapo chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi. Munda ukatopa anali kuusiya ugone tsala, natsegula mphanje kwina. Njira imeneyi inali yokoma pamene dziko linali lalikulu ndi anthu ochepa. Koma cha m'ma 1892 mpaka 1894 Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a malo, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ya ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba linasanduka maesiteti. Pambuyo pache abale athu Alomwe anayamba kulowa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Amene anakhala pa esiteti anagwira thangata. Amene anakana thangata anapanikizana pa malo otsala, ndipo malo otsalawo kawirikawiri anali mapiri ndi zitunda. Munthu salima pa phiri chifukwa chokonda phiri. Ku chigawo cha pakati nako fodya wochiza ndi utsi anafalikira m'zaka za m'ma 1920, ndipo chigafa chiri chonse chinali kudya nkhuni zache chaka ndi chaka.

Lamulo loyamba limene tifuna kulitchula ndi la nkhalango la 1926, limene linabweretsa nkhalango za m'midzi. Nyakwawa inali kupatula malo, kawirikawiri pa phiri kapena ku mutu wa mtsinje, ndipo munthu sanali kudulamo mtengo popanda kupempha kwa iyo. Milimo, nsichi ndi phaso zotuluka m'menemo zinali za mudzi womwewo, osati za Boma. Nkhalango zimenezi sizinautse nkhondo, ndipo tikupempha kuti muzikumbukire pamene tifika pa zotsatirazi.

Mantha akulu a kukokoloka kwa nthaka anachokera kutali. M'zaka za m'ma 1930 ku America kunagwa chirala, ndipo minda ya tirigu imene inalimidwa mosasamala inauluka ndi mphepo, fumbi lache nkudetsa dzuwa m'mizinda ya kutali. Boma la kumeneko linakhazikitsa nthambi yosamala nthaka mu 1935, ndipo mkulu wache, Hugh Bennett, anadzayendera South Africa mu 1944. Maboma a kuno kwathu anatengera mantha omwewo. Southern Rhodesia inapanga lamulo lache mu 1941, South Africa mu 1946, ndipo Nyasaland nayo mu 1946 inapanga lamulo losamala nthaka, madzi ndi mitengo, limene Azungu anali kulitcha Natural Resources Ordinance. Poyamba silinalume kwenikweni. Koma itagwa njala ya 1949, ija imene agogo athu a ku mwera saiiwala, Bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi akulu a za ulimi anatsimikiza mtima kuti kupempha kwatha, tsopano anthu alime monga auzidwa. Dzina limene linamveka kwambiri m'zaka zimenezo ndi la Richard Kettlewell, mkulu wa nthambi ya za ulimi.

Tinene zoona, nzeru ya lamulolo sinali yopusa. Mvula ikagwa pa malo otsetsereka madzi amathamanga, ndipo pothamangapo amanyamula dothi lapamwamba, lija lakuda limene muli chakudya cha mbeu. Pakati pa matuto pamakhala tinjira, madzi nkumadzera m'menemo, chaka chino kangalande, chaka chamawa chigwembe chomeza mbuzi. Mzere wopingasa chitunda umaimitsa madziwo kuti alowe pansi. Ngonyeka, timizere tating'ono totseka m'khwawa la mizere, timasunga madzi ngati timadziwe. Migula ndiyo mizere ikuluikulu imene akapitao anali kuiyesa ndi chingwe ndi levulo, nakhoma zikhomo kuti mwini munda atsate. Pamwamba pa minda panali kukumbidwa milambala yopatutsa madzi a m'phiri. Panalinso lamulo loletsa kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, loletsa kutentha thengo wamba, ndi lonena tsiku limene munda uyenera kukhala utasosedwa ndi kulimidwa mvula isanagwe.

Panali lamulo linanso, lakale kuposa la 1946, limene liri mbale wache weniweni wa nkhani ya chipika chija. Mlimi wa thonje anali kulamulidwa kuzula mitengo yache yonse ya thonje atatha kukolola ndi kuitentha lisanakwane tsiku loikika, ndipo wa fodya chimodzimodzi ndi mapesi ache. Mbozi zoboola thonje ndi nthenda za fodya zimakhalira m'mitengo yotsala, kudikira mbeu ya chaka chamawa. Dziko likakhala miyezi ingapo lopanda thonje ngakhale limodzi, mbozi zimasowa chakudya nkuchepa. Koma taonani pamene pali mfundo: alimi makumi asanu akazula, mmodzi nkusiya, mmodziyo wawetera anzache onse mbozi. Madzi naonso ali chomwecho. Wa kumtunda akapanda kukonza migula, madzi ache amadzagumula migula ya wa kumunsi amene anakhetsa thukuta. Chirombo ndi madzi sizidziwa malire a munda. Ndicho chifukwa chache nchito zotere zimafuna lamulo la onse, ndipo pamenepa Boma silinalakwe.

Linalakwa pa funso lakuti adzagwira nchitoyo ndani. Komiti imene Boma lomwelo linaika mu 1935 kufufuza za anthu opita kunja inapeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ku migodi ndi m'mapulazi a ku Rhodesia ndi South Africa. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri Wenela ndi Mthandizi anapitiriza kutenga anthu, ena nkumapita okha pa selefu, ena nkusanduka machona osabwereranso. Amuna amenewo ndiwo agogo athu, amene anagona m'makomboni onga amene tigonamo ife. Pamene iwo anali kuswa mwala pansi pa Joni, zikhomo za kapitao zinali kukhomedwa m'munda mwa mkazi amene anatsala ndi ana ndi nkhalamba. Migula inayenera kukumbidwa m'chirimwe, mu September ndi October, nthaka iri gwa ngati njerwa, dzuwa liri pamutu, nkhokwe itayamba kupepuka. Kuunda mizere m'munda wonse ndi khasu ndi nchito yoposa kuunjika matuto, ndipo kukumba mgula ndi nchito yoposanso pamenepo. Mai wina wokalamba wa kwathu anali kunena kuti Boma linatenga mwamuna wache kawiri: koyamba pomutumiza kukafuna ndalama ya msonkho, kachiwiri pofunsa kwa mkazi nchito ya mwamunayo.

Wolephera anali kuitanidwa ku bwalo la mfumu. Apa panali chinthu china chowawa. Kuyambira 1933 mafumu anapatsidwa makhoti ndi mphamvu pansi pa Bwana Disi, tsono milandu ya malimidwe inali kuweruzidwa ndi mfumu ya anthu omwewo. Mfumu ikalekerera, Boma linali kuiona ngati yaulesi. Ikalimbika, anthu ache anali kuiona ngati yogulitsa mtundu. Chilango chinali chindapusa, ndipo wosowa ndalama anali kupita ku ndende. Nthawi zina mbeu zobzalidwa pa matuto kapena pafupi ndi mtsinje zinali kuzulidwa zitamera kale. Munthu amene anapulumuka njala ya 1949 ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje, tsono nkumuuza kuti dimbalo ndi mlandu, mungaganize nokha chimene anali kumva mumtima. Alangizi, amene anayenera kukhala aphunzitsi, anasanduka apolisi a m'munda, ndipo anthu akaona njinga yao patali anali kuzemba. Mwini esiteti naye anali pansi pa lamulo pa pepala, koma iye anali ndi anthu omulimira. Dzanja lache silinatupe ndi mpini.

Ndiponso nzeru ija sinali kugwira ponse ponse. Mgula woyesedwa molakwa umasonkhanitsa madzi pa malo amodzi, ndipo ukagumuka umang'amba chigwembe choposa chimene chikadakhalapo popanda mgulawo. Anthu anaona zimenezi ndi maso ao. Ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene dziko liri lathyathyathya ndi lotentha, anthu anali kubzala pansi osaunda, pakuti anati mzere wa mchenga umauma msanga mbeu nkupsa. Lamulo linati aunde basi. Kukana kwa kumeneko kunali kwakukulu kotero kuti anthu anakutcha nkhondo ya mitumbira. Sitikunena kuti mlimi anali wolondola pa zonse iai. Koma panalibe amene anamufunsa, ndipo munthu wosafunsidwa saulula ngakhale chimene akudziwa.

Zonsezi zinakumana ndi nkhani ya Chitaganya, pamene Angerezi anali kulumikiza Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri mu 1953 anthu akukana. Amuna amene anayenda ku Rhodesia anali kudziwa bwino m'mene nthaka inalandidwira kumeneko, tsono mphekesera inayenda m'midzi yakuti zikhomo za kapitao ndi zoyezera malo, ndi kuti anthu alikukonzera Azungu minda imene adzailanda. Mphekeserayo inali yosaona, koma munthu wa ku Thyolo, amene anali kuona tiyi pa malo a makolo ache, mukadamuuza chiani kuti asaikhulupirire?

Mu May 1953 Inkosi Philip Gomani wa ku Ncheu, mwana wa Gomani uja anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, anauza anthu ache kuti asatsate malamulo a malimidwe, monga njira yokanira Chitaganya. Boma linamuchotsa pa mpando nililamula kuti achoke m'dziko lache. Apolisi atafika ku Lizulu kudzamutenga, anthu anatchinga, ndipo Inkosiyo, imene inali yodwala kale, inaolokera ku dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mwana wache Willard ndi wansembe wa Chingerezi Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko, ndipo Inkosi Gomani inamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo, kutali ndi kwao. Mu August 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene chinayambira pa esiteti ya Mangunda pa nkhani ya anthu ogwidwa ndi malalanje. Chinafalikira ku maboma ena a ku mwera, anthu nkumatseka miseu ndi mitengo, ndipo madandaulo a thangata, a malo ndi a malimidwe anatulukira pamodzi. Pamene chinatha, anthu 11 anali ataphedwa.

Anzathu a mitundu ina amene tigona nao m'mahositelo ali nayo mbiri yonga yomweyi. Funsani Msutu za ku Witzieshoek, kumene mu November 1950 anthu anaomberedwa pokana kuchepetsa ng'ombe ndi mipanda ya Boma. Funsani Mpondo za 1960, kapena Mshona za lamulo la 1951 logawa minda ndi kuchepetsa ziweto. Konseko Boma linati likupulumutsa nthaka, ndipo konseko anthu anali atapanikizidwa kale pa malo ochepa.

A Congress anaona kuti pa malimidwe ndi pamene pali mtima wa munthu wa kumudzi. Nkhani ya mipando ya ku Zomba inali kutali ndi mai wa khasu, koma nkhani ya mgula inali m'manja mwache. Dr Banda atabwera pa 6 July 1958, anali kudzudzula malamulo amenewa m'misonkhano yache, ndipo m'madera ambiri anthu analeka kuwatsata poyera. Pa 3 March 1959 Boma linalengeza za ngozi m'dziko nilimanga atsogoleri. Woweruza Patrick Devlin ndi anzache, amene anatumidwa kuchokera ku London kudzafufuza, analemba m'lipoti lao la chaka chomwecho kuti kukakamiza malamulo a ulimi kunali chimodzi cha zinthu zimene zinadanitsa anthu ndi Boma. Chisankho cha August 1961 chitapita, Dr Banda anakhala nduna yoyang'anira za nthaka ndi ulimi, kumanga anthu chifukwa cha mizere kunatha, ndipo Kettlewell anachoka.

Chimene chinatsatira ndi chodabwitsa, ndipo ife tikachiganizira timasowa kuti tiseke kapena tilire. Mizere, imene anthu anapitira nayo ku ndende, sinathe. Inakhazikika kotero kuti mwana wa lero amayesa kuti Amalawi analima mizere chiyambire, ndipo munda wa matuto akauona amadabwa. Koma migula ndi milambala yambiri inasiyidwa, ina inagumulidwa dala posangalalira ufulu, ndipo malire a m'mbali mwa mitsinje anaiwalika. Choipa koposa, mizere yambiri inayamba kuundidwa popanda kuyesa, ina yolunjika kumunsi kwa chitunda. Mzere wotere suimitsa madzi, umawatsogolera. Ndi ngalande yokumbidwa ndi mwini munda yemwe. Tinasunga thukuta la malimidwe, nkutaya muyeso wache. Kwa zaka zambiri mlangizi wonena za migula anali kulankhula mwamanyazi, pakuti mauwo anali kununkha utsamunda, ndipo nkhalango zambiri za m'midzi zinatha pamene mphamvu ya nyakwawa pa izo inafooka.

M'menemo anthu anali kuchuluka. Kalembera wa 1945 anapeza anthu ngati 2 miliyoni, wa 1966 anapeza 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pa dziko lomwelo. Tsala linatha, mapiri analimidwa mpaka pamwamba, makala anadya mitengo yozungulira mizinda. Dothi lochoka m'minda linatsikira mu Shire nkumakatseka makina a magetsi ku Nkula. Mu 1997 Boma la Malawi linapanga lamulo latsopano la nkhalango limene linabwezera midzi mphamvu yosunga nkhalango zao ndi kupanga malamulo ao, ndiye kuti linabwerera ku nzeru ija ya 1926. Alangizi anayambanso kuphunzitsa akalozera, amene ali adzukulu a migula, ndi kubzala udzu wa vetiva pamwamba pache, koma tsopano mopempha.

Tisanamize mitengo pa zonse. Napolo wa ku Zomba wa mu December 1946 anatsika m'phiri nthawi imene anthu anali ochepa, ndipo mvula yoopsa imagumula ngakhale phiri la nkhalango. Koma amene anaona matope a m'phiri la Soche akukwirira nyumba ku Chilobwe mu March 2023, pa namondwe wa Freddy, pamene anthu oposa 600 anafa m'dziko lonse ndi ena mazana osapezeka, sangakane kuti phiri lometedwa, lomangidwa nyumba mpaka m'khosi, limagwa mosabvuta.

Nkhani ya mbeu zodwala nayo inatibwerera, ndipo nthawi ino panalibe Mzungu woti timuloze chala. Mu 1994 ku Nkhotakota kunaoneka nthenda ya nthochi imene tsopano tonse tiidziwa ndi dzina lakuti chisaka. Masamba amatuluka ang'onoang'ono, othinana pamwamba ngati tsache, ndipo nthochiyo imapinimbira osabereka mkoko wooneka. Imafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zokhala m'makwapa a masamba, ndiponso ndi ife eni, potenga mphukira ku phata lodwala kukabzala kwina. Mankhwala ache palibe. Njira yache ndi yomwe ija ya thonje: kuzula phata lonse ndi mizu yache, kuliononga, kudikira kuti nsabwe zithe, ndi kubzala mbeu yoyera. Nthendayo inayenda m'mbali mwa nyanja, nifika ku Thyolo ndi Mulanje, kumene nthochi zinali kulipira sukulu ya ana ndi kugula malata. M'zaka za m'ma 2010 alangizi anayenda m'midzi kuuza anthu kuti azule zonse, ndi kulonjeza mbeu yatsopano. Ambiri anakana. Sanakane chifukwa cha umbuli. Phata lodwala pang'ono linali kuperekabe kankoko, ndipo kuzula kunali kutanthauza chaka ndi miyezi popanda ndalama. Kukumba phata lakale la nthochi ndi nchito ya mwamuna wamphamvu tsiku lonse, ndipo mwamunayo kawirikawiri anali ku Joni. Amene anazula nabzala mbeu yoyera, mnansi wache atasiya mapata awiri kuseri kwa bafa, anaona chisaka chikubwerera. Mapeto ache dziko limene linali kutaya nthochi zakupsa m'misika linayamba kugula nthochi zobwera pa malole kuchokera ku Tanzania ndi Mozambique.

Chikoti chinalephera mu 1953, ndipo kupempha munthu mmodzi mmodzi kunalepheranso pa chisaka. Kumene zinthu zinayendako bwino ndi kumene mudzi unakhala pansi ndi nyakwawa yache, nupangana tsiku, nuzula onse pamodzi, amphamvu nkuthandiza amasiye ndi akazi a anthu a paulendo. Pamenepo lamulo liripo, ndipo chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi chiripo, koma amene analipanga ndi omwe adzadya nthochizo.

Apa ndi pamene mbiriyi itikhudza ife. M'makalata ndi m'mafoni amene timathandiza abale kutumiza kumudzi, ndalama zambiri zimanka ku feteleza, ndipo zimatumizidwa mu November mvula iri pafupi. Za akalozera, za vetiva, za kutseka chigwembe ndi miyala, za kuzula phata lodwala, sitizimva kawirikawiri. Komatu thumba la feteleza lothiridwa m'munda wa mizere yolunjika kumunsi limatsika ndi mvula yoyamba yamphamvu kukanenepetsa namasupuni mu Shire. Nchito zimenezi nthawi yache ndi August mpaka October, ndipo zifuna manja. Ngati manja athu ali kuno, ndalama ya ganyu ingathe kupita m'malo mwao, pa nthawi yache, ndi mau omveka kuti ndi ya nchito yakutiyakuti. Ndipo nyakwawa ikaitana mudzi pa nkhani yotere, tisamauze akazi athu pa foni kuti adikire tibwere, pamene tikudziwa kuti kubwera kwathu ndi pa Khirisimasi, mizere itaundidwa kale.

Mkulu uja wa kwa Gomani tinamufunsa pambuyo pache ngati kwao kukadali migula ya nthawi imeneyo. Anati m'munda mwa malemu amai ache ulipo umodzi, umene amaiwo anaukumba ali mtsikana, bambo ao ali ku Wankie ku mgodi wa malasha. Chitaganya chitatha achibale anafuna kuugumula, koma amaiwo anakana, nati sangagumule chinthu chimene chinawatupitsa manja miyezi iwiri. Pa mgulawo panamera nsenjere ndi mitengo iwiri ya mango, ndipo kumtunda kwache dothi linaunjikana mpaka kufika m'chiuno mwa munthu woima kumunsi. Chigawo chimenecho ndicho chimene alongo ache amabzalapo chimanga cha mbeu.